New Gourna: Mbiri ya Mudzi wa Zidina Umene Eni Ake Anaukana

Kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Nile, moyang'anana ndi mzinda wa Luxor m'dziko la Egypt, kuli mudzi wotchedwa New Gourna. Nyumba zambiri kumeneko lero n'zosanjikizana, za konkire ndi njerwa zootcha, monga zilili m'matauni ena a dzikolo. Koma pakati pa nyumbazo patsalabe mzikiti, bwalo la zisudzo, nyumba ya amisiri ndi nyumba zingapo zogonamo, zonse za zidina kuyambira khoma mpaka denga. Zimenezi n'zotsala za ntchito imene boma linapereka mu 1945 kwa Hassan Fathy, katswiri wojambula mapulani a nyumba, amene ankafuna kusonyeza kuti mlimi wosauka akhoza kugona m'nyumba yozizira bwino, yolimba ndi yokongola popanda kugula simenti, zitsulo kapena matabwa. Mudziwu sunathe kumangidwa, anthu ambiri amene anawamangirawo anakana kusamukiramo, ndipo ofotokoza mbiri yake kawirikawiri amangoti dothi linalephera. Chiweruzo chimenechi n'cholakwika. Umboni umene ulipo ukusonyeza kuti dothi linagwira ntchito yonse imene linapatsidwa. Chimene chinasowa ku New Gourna ndi chilolezo cha eni nyumba, njira yopezera chakudya pamalo atsopanowo, ndi dongosolo losamalira nyumbazo zinthu zitasintha. Nyumba yosawononga chilengedwe imakhalitsa pokhapokha mwini wake ataifuna ndipo akutha kuisamalira yekha, ndipo mbiri ya mudzi uwu ndi umboni wa mfundo imeneyi.

Kuti timvetse chimene chinachitika, tiyambire pamudzi wakale. Gourna yakale inali pamtunda, m'mbali mwa phiri la miyala limene lili ndi manda a nduna ndi akuluakulu a mzinda wakale wa Thebes. Anthu pafupifupi 7,000, a mafuko asanu, anamanga nyumba zawo pakati pa mandawo ndi pamwamba pake, ndipo ena ankagwiritsa ntchito zipinda za manda ngati mosungiramo katundu kapena makola a ziweto. Ambiri analibe minda yokwanira, choncho moyo wawo unadalira phirilo. Ankalembedwa ganyu yokumba ndi azungu ofukula zamakedzana, ankalondera manda, ankasema ziboliboli zogulitsa kwa alendo odzaona malo, ndipo ena ankagulitsa mobisa zinthu zotengedwa m'mandamo. Mbiri ya malonda obisawa inali yodziwika: m'zaka za m'ma 1870 anthu a banja lina la komweko anapeza phanga lodzaza mitembo youmikidwa ya mafarao ku Deir el-Bahari, ndipo boma linadzaidziwa nkhaniyi mu 1881. Pofika m'ma 1940, nthambi ya boma yoyang'anira zamakedzana inatsimikiza mtima kuti mudzi wonse uchoke paphiripo. Inapeza malo a maekala 50 kudambo, pakati pa minda, otetezedwa ku madzi osefukira a Nile ndi khoma la dothi. Apa pali poyambira vuto lonse: maganizo osamuka sanachokere kwa anthu a ku Gourna, ndipo cholinga choyamba cha boma chinali kupulumutsa manda, osati kukonza moyo wa amoyo.

Fathy anabadwira ku Alexandria mu 1900 ndipo anaphunzira ku Cairo kamangidwe ka chizungu. Chimene chinamukankhira ku dothi ndi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, imene inatseka njira zobweretsera zitsulo ndi matabwa. Khoma la zidina silinali lachilendo, pakuti alimi a m'chigwa cha Nile akhala akuumba zidina kuyambira makedzana. Chovuta chinali denga. Dziko la Egypt lilibe nkhalango, ndipo mitengo ya phaso inali yodula kwambiri. Mu 1941, pafamu ina ku Bahtim, Fathy anayesa kumanga madenga okhota a zidina ndipo anagwa. Chaka chomwecho anapita kumwera, kumidzi ya anthu a mtundu wa Nubia pafupi ndi Aswan, n'kupeza amisiri akumanga madenga otere tsiku ndi tsiku popanda thabwa ndi limodzi lomwe lochirikiza. Kumeneko anaonanso nyumba yakale ya amonke ya St Simeon ndi manda a m'nthawi ya mafumu a Fatimid, zonse zofoleredwa ndi zidina. Ndipo umboni waukulu unali m'munsi mwenimweni mwa Gourna yakale: nkhokwe za kachisi wa Ramesseum, zomangidwa m'nthawi ya Farao Ramses II zaka zoposa 3,000 zapitazo, zikadali chiimire ndi madenga awo okhota a zidina. Luso linalipo m'dzikomo, kungoti m'dera la Luxor linali litaiwalika, moti anachita kukatenga amisiri ku Aswan, mtunda wa makilomita pafupifupi 200.

Kamangidwe kake n'kosavuta kukamva. Amisiri amayamba akweza khoma la kumapeto kwa chipinda kuposa makoma a m'mbali, n'kujambulapo ndi matope mzere wokhota umene denga lidzatsate. Zidina za denga zimakhala zopyapyala ndi zopepuka, zosakaniza ndi mapesi ambiri a tirigu, ndipo woumba amazikanda ndi zala zisanaume kuti matope azigwira bwino. Mzere woyamba wa zidina amautsamiritsa pakhoma lija mopendekeka, wachiwiri umatsamira woyamba, wachitatu umatsamira wachiwiri, mpaka denga kufika kumapeto ena a chipinda. Chifukwa cha kupendekekako, chidina chilichonse chimagonera chinzake ndipo sichigwa pamene matope akuuma. Nzeru yagona pa khalidwe la dothi: likakokedwa kapena kupindidwa limathyoka msanga, koma likapanikizidwa limapirira. Denga lafulati limapinda pakati, n'chifukwa chake limafuna mtengo kapena chitsulo, pamene denga lokhota limatsitsira kulemera kwake konse m'makoma mwa kupanikiza kokha. Pazipinda za mbali zinayi zofanana ankamanga denga lobulungira, lokhala ngati mphika wovundikira. Zida za mmisiri zinali kasemasema ndi manja ake. Zipangizo zinali matope a m'chigwa, mchenga, mapesi ndi dzuwa loumitsira. Panalibe uvuni wofuna nkhuni, ndipo ndalama zambiri za nyumba zinkapita kwa anthu ogwira ntchito a m'deralo, osati kwa ogulitsa katundu wochokera kunja.

Ubwino wachiwiri, umene ndi wofunika kwambiri masiku ano, ndi kuzizira kwa nyumbazi. Ku Luxor kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi yotentha, koma usiku kumazizira, ndipo m'nyengo yozizira kumazizira kwambiri. Khoma lochindikala la dothi limamwa kutentha pang'onopang'ono masana, ndipo pamene kutenthako kukufika mkati dzuwa limakhala litalowa kale. Usiku khomalo limatulutsa kutentha kuja, m'mawa n'kukhala lozizira. Mu 1964, pamalo ofufuzira za zomangamanga ku Cairo, anamanga timanyumba toyeserera ta zipangizo zosiyanasiyana. M'kanyumba ka zidina, ka makoma ochindikala masentimita 50, kutentha kunangosewera pakati pa madigiri 21 ndi 23 usana ndi usiku, pamene m'kanyumba ka konkire wopyapyala kunafika madigiri 36, kuposa ngakhale kunja. Pamwamba pa khoma, Fathy anabwezeretsa nzeru zina zakale za m'dzikomo. Nyumba iliyonse inali ndi bwalo la mkati mmene mpweya wozizira wa usiku umakhazikika. Misewu ya pakati pa nyumba inali yopapatiza ndi yokhotakhota kuti mukhale mthunzi. Pamadenga ena anaikapo malqaf, chibowo chotukuka chotsegukira kumpoto, kumene mphepo ya m'chigwa cha Nile imachokera, kuti chizikola mphepoyo n'kuitsitsira m'chipinda, mpweya wotentha n'kumatulukira pamwamba. M'masukulu mphepoyo inkadutsa pamakala onyowetsedwa ndi madzi kuti izizire isanafike kwa ana. Zonsezi zinkagwira ntchito popanda magetsi.

Fathy sanajambule nyumba imodzi n'kuichulukitsa kambirimbiri monga amachitira maboma ambiri. Anagawa mudziwo m'zigawo zinayi potsata mafuko, ndipo mabanja apachibale anawaika moyandikana mozungulira kabwalo kawo. Nyumba iliyonse ankafuna kuijambula payokha molingana ndi kukula kwa banja ndi ntchito yake. Ziweto anazipatsa malo awo pansi, olekana ndi mogona anthu. Anabweretsa chitofu chomangidwa cha mtundu wa ku Austria kuti moto wophikira buledi uzifunditsanso nyumba m'nyengo yozizira. Pakati pa mudzi anamanga mzikiti, msika, masukulu a anyamata ndi atsikana, bwalo la zisudzo, ndi nyumba yotchedwa khan, mmene amisiri oluka nsalu ndi a ntchito zina zamanja akanamaphunzitsa achinyamata. Ngakhale dzenje lotsala pokumba dothi la zidina analiganizira: ankafuna likhale dziwe loyera losambiramo ana, losamalidwa kuti musakhale nkhono zofalitsa likodzo, matenda amene ankasautsa alimi ambiri a ku Egypt. Anayambanso kuphunzitsa anyamata a m'deralo umisiri wa madenga okhota. Palibe angatsutse kuti munthuyu anaganiza mozama ndi mwachifundo. Komabe maganizo onsewa anachokera m'mutu umodzi, ndipo akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Ntchito inayenda movutikira kuyambira pachiyambi. Ndalama zinkachedwa m'maofesi a boma, ndipo malamulo ogulira zinthu anali opangidwira makontirakita a simenti, osati alimi oumba zidina, moti ngakhale kugula mapesi kunkatenga nthawi yaitali. Deralo linali litangotuluka m'mliri wa malungo umene unapha anthu ochuluka kumwera kwa Egypt pakati pa 1942 ndi 1944, ndipo mu 1947 dziko linagwidwa ndi kolera. Nthawi ina khoma lotchinga madzi linagumuka, madzi a Nile n'kulowa m'mudzi womangidwa kumene. Fathy ankakhulupirira kuti khomalo linachita kuboolodwa ndi anthu osafuna kusamuka. Pofika 1948 ntchito yaikulu inali itaima, gawo lochepa chabe la mudziwo litamangidwa. Mabanja ochepa a ku Gourna yakale anasamukiramo, ndipo m'kupita kwa zaka nyumba zina zinalowedwa ndi anthu ochokera kwina. Fathy anachoka m'dzikomo mu 1957 kukagwira ntchito ku Athens, ali wokhumudwa. Anthu a ku Gourna yakale anakhalabe paphiri lawo kwa zaka zina pafupifupi 60.

Ena amati chifukwa chokanira n'chodziwikiratu: anthuwo anali akuba za m'manda ndipo sankafuna kutalikira chuma chawo. Mfundo imeneyi ili ndi choonadi pang'ono, koma siyokwanira. Malonda obisa analipodi, koma ntchito zovomerezeka za anthuwo, kukumba, kulondera ndi kugulitsa zosemasema kwa alendo, nazonso zinali paphiri pomwepo. Kuwatsitsira kudambo popanda kuwapatsa minda kunali kuwachotsera chakudya pakamwa n'kuwalonjeza kuti adzadya za kuluka nsalu, ntchito imene ambiri sankaidziwa ndipo msika wake unali usanapezeke. Phirilo linali louma, lotalikira madzi osefukira ndi udzudzu, pamene malo atsopano anali otsika. Koma umboni waukulu ndi uwu: nyumba za ku Gourna yakale nazonso zinali za dothi. Anthu amene amati anakana dothi anapitiriza kugona m'nyumba za dothi zomanga okha, kuzikulitsa ndi kuzikongoletsa ndi zithunzi za ulendo wa ku Mecca, mpaka m'zaka za m'ma 2000. Chimene anakana ndi kusamutsidwa mokakamiza, ndiponso maonekedwe a nyumba amene sanasankhe. Madenga awo anali afulati, a mitengo ya kanjedza, pamene anthu amagona usiku wotentha ndi kuyanikapo zinthu. Denga lobulungira kwa ambiri a iwo linali la pamanda a anthu oyera mtima, osati la nyumba ya munthu wamoyo. Fathy anasankhanso kusalowetsa mipopi m'nyumba, poganiza kuti pachitsime ndi pamene atsikana amachezera ndi kuonedwa ndi owafunsira. Maganizo otere amamveka bwino kwa munthu amene sasenza mtsuko.

Ena amaloza nyumba zimene zinatsala n'kunena kuti taonani, makoma ang'aluka, ena agwa, ndiye dothi n'lolimba pati? N'zoona kuti nyumba zambiri za Fathy zinawonongeka, koma tiyenera kufunsa chimene chinaziwononga. Pamene mudziwu unkamangidwa, Nile ankasefukira kamodzi pachaka kenako nthaka n'kuuma. Damu lalikulu la Aswan, limene linamalizidwa mu 1970, linathetsa kusefukirako ndipo minda yozungulira mudzi inayamba kuthiriridwa chaka chonse. Madzi a pansi pa nthaka anakwera. Anthu anachuluka, mipopi inafika, koma ngalande zoyenera zochotsera madzi oipa sizinamangidwe, choncho madzi ankangolowa pansi pa nyumba. Maziko a miyala yalaimu anayamba kumwa chinyontho chokhala ndi mchere, ndipo mcherewo unadya miyalayo ndi zidina za m'munsi. Vuto lomweli likudya akachisi a miyala a ku Luxor ndi Karnak, ndipo palibe amene amati mwala unalephera. Nkhokwe za Ramesseum, zimene zili pouma m'mphepete mwa chipululu, zaima zaka zoposa 3,000 ndi dothi la mtundu womwewo. Damu lija linasinthanso chinthu china: matope achonde amene Nile ankabweretsa chaka ndi chaka anayamba kutsalira kuseri kwa damu, ndipo m'zaka za m'ma 1980 boma linaletsa kukumba dothi la m'minda poumba njerwa. Chipangizo chimene chinali chaulere ndi chosatha chinasanduka chosowa. Phunziro lake n'lakuti chipangizo sichikhala chosawononga chilengedwe pachokha. Chimakhala chotero malinga ndi nthaka, madzi ndi malamulo a malo amene chikugwiritsidwa ntchito.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndi iyi: kodi si anthu ophunzira ndi opeza bwino amene amakonda dothi, pamene wosauka amalakalaka simenti? Mbiri ya Fathy mwini ikuoneka ngati ikuvomereza, chifukwa nyumba zambiri zimene anajambula pambuyo pake zinali za anthu olemera. Ndipo anthu a ku New Gourna amene anagwetsa nyumba za zidina n'kumanga za konkire sanachite zimenezi chifukwa cha umbuli. Banja la kumidzi ya ku Egypt limakula chokwera m'mwamba: mwana wamwamuna akakwatira amamumangira pamwamba pa nyumba ya atate ake, pakuti malo omangapo ndi ochepa ndipo minda siyenera kudyedwa ndi nyumba. Pamizati ya konkire munthu akhoza kusanjika nyumba zinayi kapena zisanu, pamene pamwamba pa denga lobulungira la zidina n'povuta kuwonjezerapo. Khoma la theka la mita limadyanso malo. Nyumba ya dothi imafuna kuzira ndi kumata kawirikawiri, ndipo amisiri odziwa madenga okhota anali ochepa chifukwa sukulu ya umisiri imene Fathy anayamba inafa pamodzi ndi ntchitoyo. Zifukwa zonsezi n'zomveka ndipo ziyenera kulemekezedwa. Koma taonani chimene zikusonyeza. Palibe chimodzi mwa izo chikunena kuti nyumba ya dothi ndi yotentha kapena yodula kumanga. Zikunena kuti pulani sinasiye mpata woti banja likule, ndipo luso losamalira nyumba silinazike mizu pakati pa eni ake. Zimenezi zikanadziwika msanga eni akewo akanakhala nawo pojambula. Ndipo kusankha konkire kuli ndi mtengo wake umene wosauka yemweyo amalipira mwezi ndi mwezi: chipinda chotentha ngati ng'anjo, mafani ndi makina oziziritsira m'nyumba, ndi bilu ya magetsi. Dziko lonse limalipiranso, pakuti kupanga simenti kumatulutsa magawo pafupifupi 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko.

Wowerenga wa kuno kwathu akhoza kufunsa funso lina loyenera: ku Luxor mvula siigwa kwenikweni, nanga kumene imagwa miyezi inayi kapena isanu? Amene anaona nyumba za zidina zikusungunuka pa namondwe wa Freddy mu 2023 sangakopeke ndi zithunzi za madenga a dothi. Yankho n'lakuti denga la ku Nubia linapangidwira chipululu chopanda mitengo ndi mvula, ndipo kulitenga mmene lilili n'kukaliika ku Mulanje kapena ku Nkhata Bay kungakhale kubwereza cholakwa chomwe chija cha kubweretsa yankho lokonzeratu. Kumalo a mvula, khoma la dothi limafuna maziko okwera a miyala kapena njerwa zootcha, chotchinga chinyontho pakati pa maziko ndi khoma, khonde lotambalala loteteza khoma ku mvula yamkuntho, ndi malo omangapo amene madzi sadikha. Makolo athu ankadziwa zimenezi pomanga nyumba za mdindo zokhala ndi khonde lozungulira. Funso la ku Gourna latifika kale pakhomo mwa njira ina: mauvuni a njerwa atha mitengo yambiri, ndipo mu 2018 boma la Malawi linaletsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Njerwa zopanikizidwa ndi makina, za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, ndi njira imodzi imene ikuyesedwa. Kaya zidzafala kapena ayi sizidalira kulimba kwake kokha. Zidalira ngati mmisiri wa m'mudzi akuzidziwa, ngati makina ake akupezeka pafupi, ndiponso ngati mwini nyumba akuziona kuti n'zomukweza, osati zomubwezera m'mbuyo.

Mbiri ya New Gourna inapitirira m'njira ziwiri zosiyana. Kunja kwa Egypt, dzina la Fathy linakula. Buku lake lofotokoza za mudziwu linatuluka ku Cairo mu 1969, ndipo mu 1973 linasindikizidwanso ku Chicago ndi mutu wakuti Architecture for the Poor, pa nthawi imene mafuta anakwera mtengo ndipo anthu anayamba kufunsa za nyumba zosadya magetsi. Mu 1980 analandira mphoto ya Aga Khan ya zomangamanga ndi mphoto ya Right Livelihood. Anapita ndi amisiri a ku Nubia mpaka ku Abiquiu, ku New Mexico m'dziko la America, kukamanga mzikiti wa zidina, ndipo luso la madenga okhota lafalikira m'mayiko ouma a kumadzulo kwa Africa monga Burkina Faso ndi Mali, kumene mitengo ya phaso yasowa ndipo amisiri a m'midzi akuphunzitsana okha. Kwawo zinthu sizinayende chimodzimodzi. Mudzi wina umene anayamba kumanga ku New Baris, m'chipululu kudera la Kharga, unaima chifukwa cha nkhondo ya 1967. Iye anamwalira ku Cairo mu 1989. Kumapeto kwa 2006 boma linabweretsa mathirakitala ogumulira ku Gourna yakale, ndipo mabanja masauzande anasamutsidwira kumudzi wina watsopano wa njerwa ndi simenti m'mphepete mwa chipululu. Mudzi wa Fathy nawo unali ukutha, mpaka mu 2009 bungwe la UNESCO linayamba ntchito youteteza, ndipo mu 2010 unalembedwa pamndandanda wa World Monuments Watch wa malo a mbiri amene ali pangozi. Mzikiti, khan ndi bwalo la zisudzo zakonzedwanso m'zaka zaposachedwa. Kukonza nyumba zogonamo n'kovuta kwambiri, chifukwa muli mabanja amene zosowa zawo n'zenizeni: malo okwanira, zimbudzi zabwino ndi makoma ouma.

Kusiyana kwa zimene zinachitika ku Gourna ndi zimene zikuchitika kumadzulo kwa Africa kukutsimikiza mfundo yonse. Luso ndi limodzi, dothi ndi lofanana, koma kumene mlimi amaitana yekha mmisiri wa m'mudzi mwake, n'kuumba yekha zidina, n'kusankha yekha kukula kwa nyumba, madenga okhota akuchuluka. Kumene luso lomwelo linabwera ndi lamulo losamutsa anthu, linakanidwa. Fathy anakhoza pa zambiri: anasonyeza kuti denga likhoza kumangidwa popanda mtengo kapena chitsulo, kuti nyumba ikhoza kuzizira popanda magetsi, ndi kuti wosauka ayenera nyumba yokongola monga wina aliyense. Zimenezi n'zofunika lero kuposa mu 1945, pamene kutentha kukukulirakulira ndipo simenti ikukwera mtengo. Koma ntchito yake ikuphunzitsanso dongosolo la mafunso limene boma, bungwe kapena katswiri aliyense wofuna kumangira anthu nyumba zosawononga chilengedwe ayenera kutsata. Ayambe wafunsa ngati anthuwo akufuna kukhala pamalopo ndiponso adzadya chiyani akakhalapo. Kenako afunse mmene banja lidzakulire m'zaka 20 zikubwerazo, amene adzamate khoma likang'aluka, ndi kumene madzi a mvula ndi a m'bafa adzapite. Funso la chipangizo libwere pambuyo pa onsewa, ndipo liyankhidwe pamodzi ndi eni nyumba. Mafunso oyambawo akayankhidwa moona, dothi likhoza kupikisana ndi simenti pa mtengo, pa kuzizira ndi pa ulemu womwe, ndipo m'malo ambiri likhoza kupambana.